Sitima ikaliza huta kasanu n'kawiri, siyani matumba

Mwera umayamba kuomba pa nyanja yathu cha mu Meyi ndipo suleka msanga, umafika mpaka mu Ogasiti, mwinanso kupyola apo. Tsoka lake, miyezi imeneyi ndi yomwenso mlimi wa m'mbali mwa nyanja amakhala atakolola ndipo ali kalikiliki kufuna msika. Mpunga, makaka a chinangwa, ufa wa kondoole, mtedza, chimanga chopita ku zilumba za Likoma ndi Chizumulu kumene minda ndi yochepa, zonsezi zimakwera sitima kapena boti pa nthawi imene nyanja yalusa. Kumalo ngati Ruarwe, kumene galimoto sifika, mlimi alibe kuchitira mwina. Msewu wake ndi madzi basi.

Choncho, alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za mizere ndi manyowa. Tikambe za mmene anthu ogwira ntchito m'sitima amalankhulirana zinthu zikavuta, ndi zimene wokwera ayenera kudziwa asanaponde m'sitimamo.

Pa 30 Julayi 1946, m'kati mwenimweni mwa nyengo ya mwera, sitima yotchedwa Vipya idagubuduzika ndi kumira kumpoto kwa nyanja, cha ku Chitimba. Idanyamula anthu 194, ndipo 145 mwa iwo adathera pomwepo. Sitimayo idali yatsopano. Ilala, imene idapangidwa ku Scotland mu 1949 ndi kubwera kuno zidutswazidutswa, idayamba ntchito mu 1951 kulowa m'malo mwake. Kumpoto komweko nyanja ndi yakuya mamita opitirira 700 malo ena, ndiye amene amati Nyanja ya Malawi ndi thamanda chabe poyerekeza ndi nyanja zamchere sadakumane nawo mwera ali pakati pa madzi.

Mphepo palibe angailamule. Koma ndikamawerenga za ngozi zikuluzikulu za sitima m'maiko ena, ndimaona kuti nthawi zambiri chimene chidachulukitsa maliro si mphepo yokha. Ndi mawu. Mawu amene sadanenedwe, mawu amene adanenedwa koma osafika, kapena adafika m'chilankhulo chimene anthu sadamve.

Nkhani imene imandisautsa kwambiri ndi ya sitima yotchedwa Herald of Free Enterprise, chifukwa tsiku limenelo kudalibe namondwe ngakhale pang'ono. Sitimayi idali yonyamula anthu pamodzi ndi magalimoto awo, ngati pantoni koma yaikulu zedi. Kutsogolo kwake kudali zitseko zikuluzikulu zolowera magalimoto, zimene zimayenera kutsekedwa isananyamuke. Madzulo a pa 6 Malichi 1987 idanyamuka pa doko la Zeebrugge ku Belgium kupita ku Dover ku England zitseko zija zili pululu.

Zidatheka bwanji? Munthu amene ntchito yake idali kutseka zitsekozo adatopa, adakagona m'chipinda chake ndipo sadamve chizindikiro choitana aliyense ku malo ake a ntchito. Kapitawo wake, amene adali womaliza kuchoka pamalo oimika magalimoto, adaona ndi maso ake kuti zitseko sizidatsekedwe, koma sadatseke, ati sidali ntchito yake. Wachiwiri kwa kaputeni, amene amayenera kuonetsetsa kuti zatsekedwa, adaganiza kuti waona wotseka uja akubwera, ndiye adathamangira pamwamba kumene amafunikanso pa nthawi yonyamuka. Kaputeni mwini wake sakadatha kuona zitsekozo ali m'chipinda chowongolera sitima, ndipo mudalibe nyali yomuuza ngati zatsekedwa kapena ayi. Makaputeni ena a kampaniyo adapemphapo kale kuti nyali zotere ziikidwe, koma akuluakulu a ku ofesi sadalabadire.

Tsono tamvani chinthu chimene chidamanga zolakwa zonsezi kukhala mtolo umodzi. Lamulo la kampaniyo lidali loti ikakwana nthawi yonyamuka, kaputeni akapanda kuuzidwa za vuto lililonse, aziti zonse zili bwino. Kukhala chete kumawerengedwa ngati yankho. Munthu wogona tulo amakhala chete. Munthu woganiza kuti mnzake wachita kale amakhalanso chete. Kaputeni adamva chete ameneyu ndipo adaonjeza liwiro. Madzi adakhamukira m'malo a magalimoto, ndipo m'mphindi imodzi ndi theka sitima idagona chammbali, doko likuoneka apo. Padalibe ngakhale mpata woitana chithandizo pa wayilesi. Anthu 193 adafa.

Woweruza Sheen, amene adatsogolera kafukufuku wa ngoziyi, sadalozere chala wogona uja yekha. Adati mphwayi idalowerera kampani yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngozi imeneyi ndi imodzi mwa zimene zidachititsa bungwe loona za maulendo a pamadzi pa dziko lonse la IMO, limene likulu lake lili ku London, kukhazikitsa malamulo a ISM mu 1993, okakamiza kampani iliyonse ya sitima kulemba poyera kuti ndani achita chiyani, ndipo akachita auza yani.

Amalinyero ophunzira bwino ntchito amalankhulana m'njira imene mlendo angaiyese yotaya nthawi. Kaputeni akalamula wogwira chiwongolero kuti akhotetse madigiri 20, wogwira chiwongolero uja amabwereza mawu omwewo mokweza. Akakhotetsa amanenanso kuti chiwongolero chafika pa 20, ndipo kaputeni amavomera kuti wamva. Uthenga umapita ndi kubwerera kwa mwini wake. Si zachilendo kwa ife. Mayi akatuma mwana ku golosale amamuuza kuti, "Tabwereza, ndati ukagule chiyani?" chifukwa amadziwa kuti "eya" wa mwana sakutanthauza kuti wamva. Chodabwitsa n'chakuti tikakula timaona ngati kubwerezetsa munthu wamkulu mawu ndi kumunyoza. Pamadzi ulemu wotere umapha.

Ndi chifukwa chomwecho m'sitima sanena kuti kumanja kapena kumanzere. Kumanja kwa yani? Amene wayang'ana kutsogolo ndi amene wayang'ana kumbuyo ali ndi manja osiyana. Iwo amati port ndi starboard, maina a mbali za sitima amene sasintha ngakhale munthu atatembenuka. Ukayang'ana kutsogolo kwa sitima, port ndi mbali ya kumanzere ndipo usiku imayaka nyali yofiira, pamene starboard ndi ya kumanja, ya nyali yobiriwira. Mu 2001 bungwe la IMO lidavomereza mawu achingerezi osankhidwa oti amalinyero a maiko onse azigwiritsa ntchito. Mwa zina, munthu asananene uthenga pa wayilesi angathe kuyamba wautchula mtundu wake, kuti ili ndi funso, ili ndi chenjezo, ili ndi yankho, kuti womva asachite kulota.

Za chilankhulozi adaziphunzira ndi misozi. Pa 7 Epulo 1990 moto udabuka m'sitima ya Scandinavian Star paulendo wochokera ku Oslo ku Norway kupita ku Denmark, ndipo anthu 159 adafa, ambiri ndi utsi. Ogwira ntchito ambiri adali atangolembedwa kumene, sadali atayeserapo pamodzi zozimitsa moto, ndipo ambiri mwa iwo samatha chilankhulo cha okwera ngakhale Chingerezi. Pa 28 Sepitembala 1994 sitima ya Estonia, yochokera ku Tallinn kupita ku Stockholm, idayamba kupendekeka pakati pa usiku. Chenjezo loyamba pa zokuzira mawu lidali liwu lofooka la mayi wina m'chilankhulo cha ku Estonia, pamene okwera ambiri adali a ku Sweden. Lotsatira lidali mawu achinsinsi omveka kwa ogwira ntchito okha. Mwa anthu 989, adapulumuka 137.

Tsono ganizirani za sitima ya pa nyanja yathu. M'menemo muli Atonga, Atumbuka, Ayao, Angonde, anthu a pa Likoma ndi Chinyanja chawo, ena ochokera tsidya la Mozambique ndi Tanzania, kuphatikizapo azungu odzaona malo. Injini ikulira, ana akulira, wina watsegula nyimbo. Mawu a pa chokuzira mawu angafike kwa angati?

N'chifukwa chake chizindikiro chachikulu cha ngozi m'sitima si mawu, ndi kulira kwa huta ndi belu. Chimamveka chimodzimodzi pa dziko lonse: kulira kwakufupi maulendo 7 kapena kupitirira, kenaka kulira kumodzi kwakutali. Mukamva chimenechi sikuti akuti dumphirani m'madzi ayi. Akuti aliyense apite kumalo osonkhanirako, atenge jekete loyandamitsa munthu, adikire malangizo. Lamulo lotuluka m'sitima limachokera kwa kaputeni yekha. Wogwira ntchito aliyense, ngakhale wophika ndi wosesa, ali ndi malo ake ndi ntchito yake pa nthawi yotere, ndipo zonsezi zimalembedwa pa chikalata chimene amachipachika pakhoma. Malamulo a SOLAS, amene adayamba mu 1914 itamira Titanic mu 1912, amati m'sitima zonyamula anthu pakati pa maiko ogwira ntchito aziyeserera zimenezi sabata iliyonse. Chichitikireni ngozi ya Costa Concordia ku Italy mu 2012, imene idapha anthu 32, lamulo lidasintha kuyambira mu 2015 kuti okwera ulendo wopitirira maola 24 azisonkhanitsidwa ndi kuphunzitsidwa sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. Pa nyanja yathu pali lamulo lakelake la Inland Waters Shipping Act, ndipo sukulu yophunzitsa amalinyero ili ku Monkey Bay.

Ine pa ntchito yanga yoyendera alimi a m'mbali mwa nyanja ndaona mmene timakwerera. Munthu akalowa, maso ake onse ali pa matumba. Amawawerenga, amawasanja, amakhala pamwamba pake, ndipo sasunthanso mpaka kofika, kuopa akuba. Sindimunena, chifukwa m'matumbamo muli thukuta la chaka chonse, fizi ya mwana ndi feteleza wa chaka chamawa. Koma mphindi zisanu zokha n'zokwanira kusiyira mnansi katundu ndi kukaona zinthu zitatu: majekete ali pati, makwerero otulukira panja ali pati, ndipo ngati amenewo atatsekeka ena ali kuti. Funsani wogwira ntchito akuonetseni kamangidwe ka jekete, chifukwa lomanga molobodoka limakwera kumaso munthu akagwa m'madzi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ndipo huta ija ikalira, matumba atsale. Thumba limodzi lokokedwa pa makwerero opapatiza limatsekera njira anthu onse a kumbuyo.

Apa wina angandifunse kuti, kodi tizimvera ogwira ntchito nthawi zonse? Funso limeneli lili ndi mano. Pa 16 Epulo 2014 sitima ya Sewol ku South Korea idapendekeka ili ndi anthu 476. Pa zokuzira mawu adalengeza mobwerezabwereza kuti aliyense akhale pomwe ali. Ana asukulu, poti adaleredwa kumvera akulu, adakhala m'zipinda zawo kudikira lamulo lina limene silidawafike. Anthu 304 adafa, 250 mwa iwo ana a sukulu imodzi ya sekondale. Kaputeni adali m'gulu la oyamba kutuluka, ndipo adaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Maganizo anga ndi akuti timvere ogwira ntchito, pakuti amadziwa sitima yawo kuposa ife, ndipo chipwirikiti cha anthu othamangira mbali imodzi chingagubuduze chombo chimene chikadapulumuka. Koma sitima yoyenda bwino ikapendekeka ndi funde imabwereranso. Ikapendekeka osabwerera, kapena mukaona madzi akulowa pamene simuyenera kukhala madzi, musakhale pansi m'kati. Kwerani modekha kumka pabwalo, pamene mukuona thambo, mukadikirire malangizo kumeneko. Ndipo zimene mwaonazo uzani wogwira ntchito woyamba kukumana naye. Musati aona kale. Kapitawo wa ku Zeebrugge uja adaonanso.

Pali uthenga wina umene umachokera kwa ife eni katundu, ndipo apa ndi pamene alimi ndi ogula mbewu timalakwira amalinyero. Woyendetsa chombo amadziwa kulemera kumene chombo chake chingasenze, koma amadalira zimene tamuuza. Tonse tikulidziwa thumba lija la makilogalamu 50 losokerera chigamba pamwamba kuti lilowe zambiri, koma polipira liwerengedwe limodzi. Matumba otere akakhala makumi angapo, woyendetsa akuyenda ndi chiwerengero chabodza m'mutu mwake. Chimodzimodzi munthu wolowa mozemba wopanda tikiti. Ngozi ikachitika, opulumutsa amafunafuna anthu malinga ndi chiwerengero cholembedwa, chikakwana amaleka.

Anzathu a ku Senegal adaziona. Chigawo cha Casamance, kumwera kwa dzikolo, ndi cha ulimi, ndipo amayi ambiri amalonda amadalira sitima ya Le Joola kupititsa zipatso ndi mafuta a kanjedza ku msika wa ku Dakar. Idaloledwa kunyamula okwera 536. Usiku wa pa 26 Sepitembala 2002 idakumana ndi mphepo kufupi ndi gombe la Gambia ndipo idagadabuka m'mphindi zochepa. Boma lidawerenga akufa 1,863, kuposa a Titanic, ndipo opulumuka adali 64 okha. Ambiri adalibe matikiti. Oyamba kufika kudzatola anthu adali asodzi a m'mabwato, pamene chithandizo cha boma chidafika kutacha.

Chinanso, ndipo ichi ndikunena ngati mlangizi wa zaulimi, nenani zimene zili m'katundu wanu. Mapilitsi otuwa aja ofukizira chimanga kuti chisafumbwe amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosphine akakhudzana ndi chinyontho cha mumpweya. Mpweya umenewu susankha nankafumbwe ndi munthu. Mankhwalawa ndi oyenera anthu ophunzitsidwa okha, koma tikudziwa kuti amapezeka m'misika. Kuika mapilitsiwa m'matumba lero, mawa n'kukweza matumbawo m'chipinda cha pansi m'mene anthu agona usiku wonse, ndi kutchera anzanu msampha. Chimanga chofukiza chiyambe chatha masiku ake, chitsegulidwe panja chipitidwe mphepo, ndiye chikwere. Zigubu za petulo, mabotolo a mankhwala opopera mbewu ndi feteleza, muuzeni wolandira katundu kuti aziike pamalo pake, kutali ndi moto ndi chakudya. Akakuuzani kuti matumba asunthidwe kapena amangidwe, musakangane naye. Katundu wosamanga amatsetserekera mbali imene chombo chapendekera, ndipo akafika kumeneko sabwereranso.

Ambiri a inu simukwera sitima yaikulu kawirikawiri, mumakwera maboti a matabwa a injini ya kumbuyo, m'mene mulibe huta, belu kapena chikalata cha pakhoma. Ngakhale okwera Ilala, pa madoko opanda jeti amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, nthawi zina usiku, aliyense akulimbirana malo. Ndidakwerapo boti lina la munthu wamba limene woyendetsa ali kumbuyo samamvana ndi mnyamata wake wa kutsogolo chifukwa cha phokoso la injini ndi mulu wa matumba pakati pawo. Mnyamatayo amakupa madzi ndi chigubu chodula ulendo wonse, osanena kanthu. Nditamufunsa ngati abwana ake akudziwa kuti madzi akulowa chotere, adangoseka, ati amadziwa kale. Kapena amadziwadi.

M'boti lotere malamulo aja a m'sitima zazikulu amagwirabe ntchito, kungoti muwachite nokha. Werenganani musananyamuke, ana omwe, ndipo chiwerengerocho chitsale ndi munthu wa pagombe pamodzi ndi nthawi imene mukuyembekeza kufika. Mugwirizane naye kuti nthawiyo ikapyola ndi ola limodzi asanamve za inu, ayambe kufunsa, asadikire kuti kuche. Munthu akagwera m'madzi, fuulani kutchula mbali imene wagwera, ponyani chilichonse choyandama, ndipo munthu mmodzi asachite china chilichonse koma kumuloza ndi chala osachotsa maso, chifukwa mutu wa munthu pakati pa mafunde umasowa msanga ngati njere ya mapira m'mchenga. Ena nonse khalani pansi pomwe muli. Mukaunjikana mbali imodzi kuti muone, mugwera momwemo nonse. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotseka bwino, chimatha kuyandamitsa munthu wamkulu atachikumbatira.

Amalinyero akakhala pa ngozi yoopsa moyo amaitana pa wayilesi, pa tchanelo 16, ponena mawu oti Mayday katatu. Mawuwa adachokera ku Chifalansa ndipo tanthauzo lake ndi kupempha chithandizo. Zotsatira zake zili ndi ndondomeko yosasintha: dzina la chombo, pamene chili, chimene chachitika, chithandizo chimene chikufunika, ndi chiwerengero cha anthu. Malo amabwera msanga chifukwa wayilesi ingathe kuzima nthawi iliyonse. A m'sitima ya Estonia ataitana koyamba sadathe kunena pamene adali, magetsi atazima, ndipo padapita mphindi zingapo asanatchule.

Inu wayilesi yanu ndi foni ya m'manja. Ikhale ndi moto ndi mayunitsi, muikulunge m'jumbo ndi kuimangirira m'thupi, osati m'chikwama chimene chili pansi pa matumba. Mukaimba, siyani malonje. Tchulani boti la yani, mwachokera kuti ndipo mwayenda nthawi yaitali bwanji, phiri kapena mudzi umene mukuuona ndi mbali imene uli, chimene chavuta, ndi kuti mulipo angati. Kenaka muuzeni amene wayankhayo abwereze zimene wamva. Pakati pa nyanja netiweki imadukaduka, choncho tumizaninso zomwezo pa uthenga wolemba, umene nthawi zambiri umadutsa pamene mawu akukanika.